Kansanza ka Khoswe

Ababa, ndine Lufeyo. Dothi la pamanda panu lisanaume, mphaka wanu wa kuchigayo uja waswa, ndipo kamwana kamodzi kamatika maso ndi manthongo. Ndikukapukuta monga munkachitira inu. Pa ntchito imeneyi munkakamba nthano, ndiye lero ndiikamba ine, adzukulu anu amve, inunso mumve komwe muliko. Ana inu, khalani pansi, muzivomera kuti tili tonse.

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, panali Mphaka. Mphakayo anali mlonda wa nkhokwe ya mudzi wonse wa nyama. Pafupi naye pankakhala Khoswe. Masiku amenewo awiriwa ankagwirizana, ankapalana moto, ankaitanana kuti achimwene ndi achemwali. Koma Khoswe anali ataboola kabowo kuseri kwa nkhokwe. Mphaka akayang'ana kutsogolo, Khoswe ankatuta kumbuyo. Maso awiri salonda mbali zonse.

Tsono Mphaka anabereka ana atatu, Mawanga, Makala ndi Mzime. Nyama zinabwera kudzaona makanda, zikuti alonda achuluka. Khoswe anabweranso, anaseka nawo, koma pobwerera anayamba kulingalira. Tianato tikakula, kuseri kudzakhala maso, kumbali maso, padenga maso. Nanga iye adzadya chiyani?

Ana a mphaka amabadwa otsinzina. Nthawi yophenya itakwana, Makala anaphenya, Mzime anaphenya, Mawanga ayi. Zikope zake zinatupa, zinamatana ndi manthongo achikasu. Mphaka ananyambita, manthongo anabwerera. Ananyambitanso, anabwereranso. Mtima wake unali m'mwamba, pakuti mphaka wakhungu amafa ndi njala chakudya chikumudutsa pamphuno.

Khoswe atamva, anathamanga. Anati amalume ake anali sing'anga wa maso, ndipo nzeru zonse anasiyira iye. Anatulutsa kansanza kakuda m'thumba.

"Achemwali, ana a bere limodzi amapukutidwa ndi nsanza imodzi. Muyambe wodwalayo, kenako enawo, kuti matenda agawike. Chinthu chikagawika chimachepa. Ndiwo mwambo."

Mphaka anaganiza, naona kuti ndi zoona. Abale amadyera mbale imodzi, amagona mphasa imodzi, amafunda bulangete limodzi. Anapukuta Mawanga, anapukuta Makala, anapukuta Mzime. Posakhalitsa Makala anadzuka maso atamatika.

Khoswe anabweranso. Anafunsa ngati kansanzako kanachapidwa, Mphaka n'kuvomera kuti anakachapa. Khoswe anagwira kumutu, akuti mlongo wake wataya mankhwala onse m'madzi. Kansanza ka mwambo sikachapidwa. Mphaka anapepesa. Anapukuta Mawanga, anapukuta Makala, anapukuta Mzime, osachapa. Posakhalitsa Mzime naye anadzuka maso atamatika.

Khoswe anabwera kachitatu. Anayang'ana tiana tonse titatu tikugundana mitu, tikulira miyawu, nati zimenezo ndiye zabwino, matenda atulukira poyera. Chatsala n'kuwawotcha basi. Iye akasinja tsabola, asakanize ndi phulusa, adzawauzire anawo m'maso.

Kutacha Mphaka sanathe kudikira. Ananyamuka kukatenga yekha mankhwalawo. Anapeza Khoswe kulibe, akuti wapita kumunda, ngakhale munda wa Khoswe panalibe amene anauonapo. Pakhonde panali mkazi wake, ana atawandanditsa pamphasa. Pambali pake panali kamphika ka madzi ofunda ndi mulu wa thonje. Ankabudula kathonje, kuviika, kupukuta diso limodzi, kuponya pamoto. Kubudulanso kena, kuviika, kupukuta diso linalo, kuponya pamoto.

Mphaka anafunsa chifukwa chowonongera thonje chonchi, nsanza imodzi ikanakwana. Mkazi wa Khoswe anali wosasunga mawu m'kamwa.

"Nsanza imodzi? Alamu, mukufuna ana anga achite khungu? Bambo a kunowa atandiona ndikubwereza thonje, ndingalongedze lero lomwe. Amati matenda a maso amakwera nsanza ngati nsabwe, kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo."

Anafotokozanso kuti madziwo amawawiritsa kaye, n'kuthiramo kamchere kongotsina ndi zala, n'kudikira afunde ngati mkaka wa m'bere. Mphaka anafunsa za tsabola. Mlamu wakeyo anaseka mpaka kugwira nthiti, akuti tsabola kwawo amathira m'ndiwo.

Mphaka anaimirira. Anathokoza, anapempha thonje pang'ono, anatsazika. Koma mchira wake unkapita uku ndi uku wokha, ndipo mpaka lero mphaka akakwiya umayamba kunena ndi mchira.

Atafika kunyumba, anaponya kansanza pamoto. Anawiritsa madzi, anatsinamo mchere, anadikira afunde. Sanakanule zikope ndi mphamvu. Ankasanjika kathonje konyowa padiso mpaka manthongo afewe okha, n'kupukuta kuchokera kumphuno kupita kukhutu. Diso lililonse thonje lakelake, mwana aliyense pogona pakepake. M'mawa anapukuta, masana anapukuta, madzulo anapukuta. Mzime anaphenya. Makala anaphenya. Mawanga anachedwa, mpaka Mphaka anayamba kuonda. Koma tsiku lina zikope zinatseguka pang'ono, kenako kwambiri. Mawanga anayang'anitsitsa amayi ake, popeza anali asanawaonepo chibadwire.

"Amayi, kodi inu muli ndi ndevu?"

Mphaka anaseka misozi ili mbwembwembwe. Atatha kuseka, anasonkhanitsa ana ake n'kuwauza kuti amalume awo a Khoswe akamveka panjira, onse atsinzine, asaphenye mpaka nthawi yake.

Khoswe anafika ndi kampukutu ka tsabola m'khosi. Anapeza ana otsinzina, mayi wawo akulira. Mphaka anati mankhwala achedwa, ana achita khungu onse, ndipo iye akupita kutsidya kukauza abale. Anapempha achimwene ake aziyang'anako kunkhokwe. Khoswe anapukuta m'maso mouma, nati apite ndi mtima umodzi, nanga ubale ndi wa chiyani.

Mphaka atangokhota, Khoswe analiza mluzu. Anabwera azibale ake, azilamu ake, ndi apongozi omwe. Za kabowo ka kuseri anaziiwala. Ankalowera kutsogolo, dzuwa lili paliwombo, akuimba:

Alonda alipo, maso palibe,
Tuta, tuta, chimanga n'chathu.

Khoswe anadya mpaka mimba kuti nde. Kenako anayamba kuvina pamaso pa tianato. Anavina kwa Mzime, Mzime duu. Anavina kwa Makala, Makala duu. Anafika kwa Mawanga, n'kumukwapula ndi mchira pamphuno.

"Amalume, tsabola wanu akutayika," anatero Mawanga.

Khoswe anayang'ana kampukutu, naona kuti kamasukadi. Anati afunse kuti mwanayo wadziwa bwanji, koma potukula mutu anakumana ndi maso. Kutsogolo maso, kumbali maso, ndipo padenga la nkhokwe panali maso akuluakulu a Mphaka, amene sanapite kutsidya konse.

Makoswe anabalalika. Khoswe anathamangira kuseri, nalowetsa mutu pakabowo kake, koma mimba inakana. Kampukutu kanaphulika, tsabola yense m'maso ndi m'mphuno. Ana atatu aja anagwira mchira. Iye kukoka, iwo kukoka, iye kukoka, iwo kukoka, mpaka anapulumuka, ubweya wonse wa kumchira utatsala m'zikhadabo. N'chifukwa chake khoswe ali ndi mchira wopanda ubweya, ndipo mphuno yake imangonjenjemera, tsabola uja sanathe. Kuyambira tsiku limenelo mphaka ndi khoswe sapalananso moto.

Phunziro lake ndi ili, ana inu: munthu akakupatsa mankhwala, kaone kaye ngati ana ake amawapatsa omwewo. Si aliyense wokuitana kuti m'bale amene amafuna ana ako aphenye. Nthano yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule, ingapserere.

Ababa, ine maso anga tsiku la maliro anu anali otupa, koma ankaona. A Gwedeza, amene ankakuitanani achimwene nthawi zonse akafuna kugayitsa, sanabwere. Azakhali a ku Mponela anati mwendo ukuwawa, koma Loweruka lake anavina ku chinkhoswe. A Chikakwiya, amene munawanyamula panjinga njoka itawaluma, sanabwere. Mphwanu weniweni, a Sitifano, a bere limodzi ndi inu, sanabwere.