Ola Limodzi la Mapopa

Kakampani kamene Mapopa ankagwirako ntchito kanali kutsidya la nyanja, ku Wigston, pamwamba pa shopu ya makapeti. Ntchito yawo inali yolumikiza maofesi ndi zingwe za faiba, zija zopyapyala ngati tsitsi zimene zimanyamula uthenga ndi kuwala. Mapopa anali ndi madigiri awiri, ndipo masamu ankawamaliza pamtima anzake asanapeze n'cholembera chomwe. Woyandikana naye tebulo anali a Mehboob, bambo waimvi wa ku Spinney Hill, wobadwira ku Limbe. M'mawa uliwonse bamboyu ankaika kapu ya tiyi pambali pa Mapopa.

M'chaka cha 2018 awiriwa anatumidwa kunyumba ina yosamalira okalamba ku Evington, kukasamutsa mafaelo onse, a mankhwala omwe, kuwachotsa m'kompyuta yakale kupita nawo ku yatsopano ya ku Nottingham. Pa nthawi yosamutsayo manesi sakanatha kutsegula faelo ya munthu aliyense. Mapopa anawerengera msangamsanga: magigabaiti 3,600, chingwe cha giga imodzi pa sekondi, ndiye kuti ola limodzi basi.

"Achimwene, mwagawa ndi eyiti?" anafunsa a Mehboob chapansipansi, kuti ena asamve. "Chingwe chimayenda m'mabiti, katundu wanuyu ali m'mabaiti. Mabiti asanu ndi atatu ndiwo baiti imodzi."

"Ankolo, zimenezo ndinaphunzira chaka choyamba," anayankha Mapopa, maso ali pakompyuta.

"Kusitolo ya bambo anga nsalu inkabwera m'mamita, anthu n'kumagula m'mayadi. Bambo ankati usagwire sizasi usanayeze kawiri. Chabwino, tiwauze manesi asindikize mapepala a mankhwala, kungosamala chabe."

"Mapepala? Tabwera kudzathetsa mapepala ife, Ankolo."

Mawu a Mehboob anamufika ndithu Mapopa, koma anali atatumiza kale lonjezo lake kwa abwana, ndipo kulibweza kunamulemera ngati mtondo. Anadziuza kuti ayang'ananso mawa. Mawalo litafika, manyazi anali atakhwima n'kusanduka liuma.

Lachiwiri, 9 koloko m'mawa, anatsekera manesi kompyuta yakale n'kuyamba kusamutsa. Nesi wamkulu tsikulo anali Anganile, wa mpingo umodzi ndi Mapopa.

"Achimwene, 12 koloko ndimapereka mankhwala. Mukhala mutamaliza?"

"Sista, 10 koloko ikamakwana mudzakhala mukumwa tiyi zonse zili m'malo."

Ola linatha. Kamzere kosonyeza ntchito kanali katangosuntha ngati nkhono, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Anatenga pepala n'kuchita masamu aja ankawakana: giga imodzi ya chingwe inali mamegabaiti 125 okha pa sekondi. Ola lake linali maola asanu ndi atatu. Kuimitsa pakati kukanasokoneza mafaelo, choncho kunalibe kobwerera.

12 koloko Anganile anaima pakhomo, nkhope itagwa.

"Mayi Banu a m'chipinda chachinayi ali ndi shuga. Dokotala wawasinthira mlingo wa jakisoni dzulo, ndipo mlingowo uli m'makina mwanumo. Ndibaye wakale kapena watsopano? Ine sindilota manambala pa moyo wa munthu, achimwene."

Mapopa anayang'ana kamzere kaja: kanali kasanafike n'pakati pomwe.

Foni ya kwa dokotala inangolira osayankhidwa. A Mehboob sanadikire kutumidwa. Anatenga makiyi a galimoto, kupita okha kukapempha pepala la mlingowo, koma pamzere anapezapo anthu. Mmene ankabwerera, 2 koloko itadutsa, ambulasi inali pakhomo: shuga wa mayi Banu anali atakwera kwambiri. Mapopa anaona mayi Banu akutulutsidwa pamachira, kadzanja kawo kowonda katagwira mikanda yopempherera. Anganile ankayenda pambali akuwakonzera mpango kumutu kuti usagwe. Sanamuyang'ane Mapopa, ndipo kusayang'anako kunapweteka kuposa kukalipa.

Mafaelo anamaliza kusamuka 5 koloko madzulo, monga masamu ananenera.

Mulungu anachita chifundo, mayi Banu anatuluka m'chipatala patapita masiku atatu. M'masiku amenewo Mapopa sankadya bwino, ndipo pemphero lake linali la dzina limodzi lokha. Abwana ataitanitsa awiriwo, a Mehboob anayamba kunena kuti cholakwa chinali cha onse, koma Mapopa anawadula.

"Ayi, bwana. Anandichenjeza. Ine ndi amene ndinakana kumva."

Anamuchotsa pa udindo wotsogolera ntchito zakunja, n'kulamula kuti masamu ake onse azionedwa kaye ndi munthu wina.

Lolemba lotsatira Mapopa anafika mutu uli pansi. Pambali pa kompyuta yake panali kapu ya tiyi, yotentha ngati masiku onse. Ataiona, anatenga pepala la ntchito yatsopano n'kulisunthira patebulo loyandikana nalo.

"Ankolo, tandionereniko apa."

A Mehboob anavala magalasi awo, natenga pensulo.

"Tiyeze kawiri, achimwene."

Pamenepo Mapopa anazindikira kuti mawu aja anamuwawa tsiku lija sanali omuchepetsa ayi. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.