Makumi Anayi a Chiyani?

Pakhomo pa a Cuthbert, pamwamba pa phiri la Zomba, mbatatesi sabzala chibzalirebzalire. Mbewu amaikhuthulira pamphasa n'kumaiona imodziimodzi: yowola uko, yofumbwa uko, yophuka bwino m'dengu. Ndi ntchito yopweteka msana, koma bambowo sanaidumphepo.

Tsiku lina mwana wa mlongo wawo, Rosebell, anawapeza ali pantchitoyo. Iye ankaphunzira ku Chirunga luso losanthula deta, ndiko kufunsa manambala ochuluka kuti aulule zimene akubisa. Kafukufuku wake womaliza, woti amutulutse m'koleji chaka chimenecho, anali wa zokolola za alimi a mbatatesi m'phirimo. Anali atayenda khomo ndi khomo, mlimi aliyense n'kumuuza nambala ya zimene anakolola.

"Amalume, zatheka," anatero Rosebell. "Ndikangothira manambalawa mukompyuta, magirafu atuluka."

A Cuthbert anasuzumira m'kope lake. "Apa walemba kuti a Malita anakolola makumi anayi. Makumi anayi a chiyani? Iwo aja amayeza ndi ndowa. Ine ndimawerenga matumba. A kutsidya aja ndi madengu."

"Aaa, amalume, nambala ndi nambala. Kompyuta ikadziwa yokha."

"Kaya," anatero bambowo, akutaya mbatatesi yowola. "Ine munda sunandisankhirepo mbewu."

Rosebell anangoseka. Kunena zoona, mutu mtsikanayu anali nawo, koma phuma lake! Zobwereranso m'makomo kukafunsa za ndowa zinamugwetsa ulesi. Anatsika phiri, nasakaniza ndowa, madengu ndi matumba mumzere umodzi, zonse n'kuzitcha matumba.

Magirafu anatulukadi, okongola ngati chitenje chatsopano. Patsiku loonetsa ntchito yake kwa aphunzitsi, anaima mosadodoma, nalengeza kuti timinda ting'onoting'ono tikubereka kuposa minda ikuluikulu.

A Mwanaidi, mphunzitsi wofatsa amene anakulira pakhasu, anavula magalasi. "Rosebell, tatithandizeni. Kadimba ka mayi awa, kakuseri kwa nyumba, katulutsa matumba makumi anayi. Ekala yathunthu ya bambo awa yatulutsa khumi ndi awiri. Mbatatesizo zinkamera pamwamba pa zinzake?"

Rosebell anayang'ana m'kope, ndipo mawu a amalume ake anamubwerera onse. Manyazi anamugwira. A Mwanaidi anamuuza mwaulemu kuti kusanthula anasanthula bwino, koma anasanthula zinyalala. Ntchito iyambirenso, ndipo chaka chimenecho satuluka.

Atakweranso phiri, a Cuthbert sanamunyogodole. Chisoni chinawagwira ndithu, pakuti anali atachapitsa kale jekete yawo ya kumwambo wa digiri. Anangotulutsa sikelo yawo yakale, naikoloweka panthambi ya pichesi.

"Tiyambe ndi ndowa ya a Malita," anatero.

Anayeza ndowa, anayeza dengu, anayeza thumba. Kenaka Rosebell anayambanso makomo aja, kufunsa funso limodzi lomwe lija analiona laling'ono. Tsiku limene anzake ankajambulitsa atavala mikanjo kumunsi ku Chirunga, iye anali m'nkhungu, kope m'manja, akuodira pakhomo la khumi ndi chitatu.

Pobwera anadutsa m'munda mwa amalume ake. Mbatatesi zosankhidwa zija zinali zitamera mizere yonse, popanda phando logona. Akuluakulu sananame: m'mera mpoyamba.