Woweruza Amene Anafuna Kupukuta Ufa

Panali woweruza wina wa bwalo la apilo, bambo wolemekezeka amene mkazi wake anamwalira. Tsiku lina kunabwera mlandu wa mmisiri wa matabwa, yemwe bwalo laling'ono linamupeza wolakwa pa mlandu wotentha nkhokwe. Woweruzayo ndi mnzake, mayi amene ankaweruza naye limodzi, anaona kuti umboni unali wosakwanira, ndipo anamumasula. Panja abale a mmisiriyo anamuthira ufa kumutu, monga timachitira munthu akapambana mlandu, nthungululu zili wawawa.

Tsono pamsika panali mayi wina wogulitsa nsalu, amene woweruzayo ankamufuna kuyambira kale. Koma bambowa, olankhula bwino chotere m'bwalo, akafika pa benchi la mayiyo ankangogula nsalu zopanda nazo ntchito, mawu osatuluka. Mmisiri uja sanazengereze. Anakonza benchilo mwendo umene unkagwedera, anafunsira, ndipo chaka chisanathe anakwatirana.

Nsanje inamugwira woweruza. Akaona awiriwo akugawana chinangwa chootcha pamsika, kunyumba chakudya sichinkamulowa. Ankangoti mumtima, "Munthu ameneyu ndinamutulutsa ndine. Akanakhala kundende, bwenzi mayiyu ali wanga."

Ndiye anapita kwa woweruza mnzake uja nati, "Mayi, mlandu wa nkhokwe uja ukundisowetsa mtendere. Tiuitanenso."

"Kodi pali mboni imene inatinamiza?" anafunsa mayiyo.

"Ayi."

"Nanga alipo amene sitinamupatse mpata wolankhula, kapena tinalakwitsa polemba chigamulo?"

"Ayi ndithu. Ndangoganizanso."

"Bambo, zimene ndafunsazi ndi zomwe zingatibwezere ku mlandu umene tinatseka. Kuganizanso sikuli m'gulumo."

Woweruza anapsa mtima. "Bwalo ndi lathu, mawu ndi athu. Atiletse ndani kuwabweza?"

Mayiyo sanakangane naye. Anamutengera pakhonde la bwalo, naloza pansi. "Pamalo pano, mwana wanu Tsilizani atamasulidwa pa mlandu wa ngozi ya galimoto uja, malemu akazi anu anamuthira ufa akulira. Amene anamumasula ndi bwalo lomwe lino, inu musanakhalepo. Abale a munthu amene anagundidwayo sanakhutire mpaka lero. Mukapukuta ufa wa mmisiri, mawa afika kudzapukuta wa Tsilizani. Tidzawakaniza bwanji?"

Woweruza anayang'ana pamene mayiyo analoza. Kenako anati, "Usiyeni mlanduwo."

Musaganize kuti nsanje inatha, ayi. Inamudya mpaka ukalamba, ndipo njira ya kumsika anaisiya. Koma mmisiri anagona m'nyumba mwake, ndipo sanadziwe n'komwe kuti ndende inamuyandikiranso.

Inu amene mukuphunzira malamulo, tsiku lina mudzakhala pa mpando umenewo, ndipo mtima wanu udzakhala nanu pomwepo. Udzakuuzani kuti mukufuna chilungamo, pamene mukungopsa ndi nsanje. N'chifukwa chake lamulo limamanga manja a bwalo likagamula apilo, n'kungosiya kampata kakang'ono ka pamene bwalo lanamizidwa kapena lalakwitsa poyera. Musadzakakulitse kampatako kuti mugwire munthu amene akukunyansani. Wotsatira kukokedwa kudzera pamenepo akhoza kukhala mwana wanu.