Pisitola m'thumba la kachewere

Belmiro anali wapolisi wamba ku Macanga, koma mukanamuona akuyenda mukanati boma lonse analipinda n'kuliika m'thumba la buluku. Lamulo la pantchito pake linali lalifupi ngati khosi la chule: ukamapita kufoliga, ndiye kuti kutchuthi, mfuti uzisiya kwa wosunga zida. Iye anauza wosunga zidayo kuti akukamwa madzi abwera, n'kukakwera shapa, minibasi ya ku Tsangano, pisitola ili m'chiuno.

Chomwe chinkamuyabwa n'chakuti ku Ntengo-Wambalame, kwawo kwa mkazi wake Delfina, iye sanali shefi, bwana wa munthu aliyense. Anali mkamwini. Kumeneko yunifolomu siilima. Ankatumidwa kukafolera khola, ndipo mlamu wake Atanásio ankamutcha kuti komandante wa nkhuku. Ulendo uno anafuna kuti mudzi udziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi ndani.

Delfina anaiona pisitola ija mwamunayo akusintha malaya.

"Bambo a Marlene, chimenechi chabwera kudzatani kuno?"

"Chabwera kudzaona apongozi. Nachonso n'chapabanja."

"Musaseke. Mukuwadziwa bambo."

Ankawadziwadi. Apongozi ake, a Saulosi, anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo atasiya mng'ono wawo ali gone m'munda wa chimanga, atamuwombera. Pobwerera analumbira kuti pakhomo pawo mfuti siidzalowanso, kaya ya msilikali kaya ya wosaka nkhwali. Koma Belmiro anangoyankha kuti nkhalamba siziona bwino, n'kuvala malaya ena, aafupi kuposa oyamba aja.

M'mawa mwake banja lonse linali kumunda kukakumba kachewere, chifukwa amalonda a ku Tete anali atalonjeza kubwera ndi kamiyau, lole yonyamula katundu. Tsiku limenelo Belmiro sankakhazikika. Akalima pang'ono, aweramuke, adziwongole mpaka malaya akwere, chitsulo chija chisuzumire. Anyamata a mzere woyandikana anayamba kunong'onezana, atsikana otola mbatata n'kumaseka chobisa kukamwa. Iye anayamba kuimba mluzu, kuponya khasu m'mwamba n'kuliwakha.

"Alamu," anatero Atanásio, "chimenecho chimalira, kapena munagula kumsika pamodzi ndi zidole?"

"Thamangani muone."

Ali m'kati mwa matamawo, anaona a Saulosi akubwera molunjika kwa iye, ndodo ili m'manja. Mkamwini salonjera apongozi ataimirira ngati mlongoti. Amanjuta pansi, n'kuwomba m'manja. Ndipo munthu wamalaya aafupi akanjuta, msana wake umaulula zonse. Pafupi pake panali thumba lodzaza theka; anasolola pisitola, n'kuikankhira pansi pa mbatata, n'kunjuta mwaulemu wonse, nkhope ili phee ngati ya katekisita.

"Mwadzuka bwanji, akamwini? Tiyeni kudimba, ngalande yagumuka. Mundithandize."

Kodi mkamwini angawauze apongozi kuti tadikirani kaye? Anapita. A Saulosi ankayenda ngati akuwerenga nyerere, akufotokoza za mbewu, za mvula, za bondo lawo. Belmiro ankavomera zonse, khosi likutembenukira kumbuyo ngati la kadzidzi. Ali m'matope mpaka m'maondo, anamva kulira kwa injini. Pamene ankabwerera kumunda, amayi anali atadzaza matumba onse, kuwasoka pakamwa ndi chingwe, ndipo kamiyau inali itangosiya fumbi.

Anakwera mota, njinga yamoto ya Atanásio, osasamba n'komwe matope.

"Alamu, thamangitsani!"

"Ndithamangitse bwanji, komandante, poti apolisi amagwira?"

Pamsewu waukulu anapeza makamiyau angapo, onse odzaza kachewere, matumba ofanana ngati ana amapasa. Anaimitsa ina, dalaivala n'kumuyang'ana kuyambira kumatope mpaka kumutu, n'kumufunsa kuti ndani wamulemba upolisi wa m'dimba. Anafika mpaka mumzinda wa Tete, nayendayenda m'misika akupapasa matumba a eni ake mpaka amayi ogulitsa anamuthamangitsa ndi zitenje, akumuyesa wamisala. Mbatata inali itabalalika kale: ina ku malo okazingira, ina m'mabasiketi, ina paulendo wa kutali.

Atabwerera, Delfina sanamukalipire. Anangoti, "Pitani mukanene kwa akuluakulu anu. Lero lomwe."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti mfuti ya boma yapita kukakazingidwa?"

"Mukanene kuti yasowa, aisake isanapeze mwini wina."

"Iwe, ntchito imeneyi ndi imene ikukudyetsa. Ndiipeza ndekha."

Anatumiza uthenga kuntchito kuti wagwidwa ndi malungo. Malungo ake anali achilendo, oyenda ndi mota. Lero ali pamalire kufunsa onyamula katundu, mawa ali pamsika kumwetsa mowa anthu oti amuuze mphekesera. Mota ikaphulitsa utsi panjira, iye ankadzambatuka pampando. Mluzu uja unatha. Malaya anayamba kuvala aatali, ngakhale munalibenso chobisa. Wailesi ikayamba nkhani ankaitseka, kenako n'kuitsegulanso, khutu lili pa sipika.

Nkhani imene ankaiopa sinadzere pawailesi. Inabwera ndi galimoto ya apolisi masana dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse ukuona. Amene anatsika anali Iolanda, mnzake wa pantchito amene ankagawana naye tiyi.

"Kolega, malungo ali bwanji?"

"Akuchepa, mana," anayankha Belmiro, akumutchula ngati mlongo wake.

"Pali wina amene sakuchepa. Mnyamata wa mota, dzina lake Gilberto. Achifwamba anamuwombera kuti amulande motayo, ndipo kuchipatala amudula mwendo. Tawagwira. Akuti mfuti anaigula kwa wonyamula matumba pamsika. Nambala yake tonse tikuidziwa, kolega. Tambasulani manja."

Belmiro anafuna kunena kanthu koseketsa, poti pakamwa pake panali pasanamugwiritsepo mwala, koma anangotambasula manja. Unyolo unalira m'manja mwake. Atanásio, amene sankatha tsiku osamunyogodola, anangoyang'ana pansi. Delfina analowa m'nyumba ndi mwana.

A Saulosi anayandikira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Belmiro anayesa kunjuta, koma ndi manja omangidwa kuwomba m'manja kunakanika.

"Akamwini," anatero mkuluyo, osakweza mawu, "mukanaimirira tsiku lija n'kundiuza, ndikanakukalipirani basi. Mwina ndikanakuthamangitsani pamudzi. Koma kukalipa kwanga sikunadulepo mwendo wa mwana wa munthu."

Galimoto inanyamuka. Belmiro, amene anabwera kudzaonetsa mudzi kuti iye ndani, anapita mudzi utamudziwadi, atakhala kumbuyo kumene ankakhazikako anthu amene ankawagwira. Ntchito inathera pomwepo, mlandu n'kuyambira pomwepo, ndipo kwina kwake mnyamata amene sanamuonepo n'kale lonse anali kuphunzira kuyenda ndi ndodo ziwiri.

Choncho mukaona munthu akudumphadumpha ndi chinthu chimene sanayenere kunyamula, musachite naye nsanje, musamuwombere m'manja. Akuluakulu anaona kale: mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.