Chiwindi cha Nguluwe ya Zakeyu

Kalekale, nguluwe zisanathe kwathu kuno, kunali mlenje dzina lake Zakeyu. Tsiku lina pofula njuchi anagwa mumtengo, miyendo n'kufa. Kuyambira pamenepo ankangokhala pa chikuku pakhonde, kunola mkondo umene sunkapitanso kulikonse. Anzake akamadutsa ndi agalu kupita ku uzimba, iye ankayang'ana kumbali.

"Ndilaseko nguluwe imodzi yokha," ankatero, "anthu asaiwale kuti ndinali ndani."

Mkazi wake, Nangondo, anamva. Nguluwe itayamba kufukula chinangwa chake kudimba, sanaipirikitse. Anaisiya idye mpaka inazolowera njira imodzi. Chaka chimenecho ana anagona ndi njala kangapo. Chinangwacho musachiiwale, poti mwini wake sanachiiwale.

Mlamu wake wa Zakeyu, Feniasi, mchimwene wa Nangondo, anaona kuti timateyala ta chikuku timatitimira mumchenga. Anamasula mateyala a njinga yake, ija ankakaniza ngakhale amalume ake, n'kuwamanga pa chikukucho. "Alamu, mwandisandutsa woyenda pansi," anatero. "Mukakaphonya, muzindibereka popita kumsika."

Mlongo wake wa Zakeyu, Esinati, ndiye anamukankha mpaka kudimba n'kumubisa m'bango, pambali pa njira ija. Koma awiriwo anaiwala kuika miyala kumateyala. Mlenje woimirira amaponda nthaka n'kulimba, nanga wa pa chikuku aponda chiyani? Nguluwe itatulukira, Zakeyu analasa. Chilombocho chinakankha ndi mkondo womwewo, chikuku n'kuyamba kubwerera chafutambuyo kulunjika kuchitsime cha m'dimbamo. Esinati anadziponya kumbuyo n'kuchitchinga ndi thupi lake, teyala n'kumuponda phazi.

"Achimwene, limbani! Ine ndili pano!"

Zakeyu anakanikiza mkondo mpaka nguluwe inagwa.

Tsiku limenelo anasenda nyama yekha pakhonde, akuimba, mudzi wonse utamuzungulira. Anagawa miyendo, anagawa nthiti. Tsono pamwambo wa alenje akwathu kuno, chiwindi sachidula. Mlenje amachipereka chathunthu kwa amene wamufikitsa pa nyama.

"Aphiri, nguluweyi ndainenepetsa ndine," anatero Nangondo kwa mwamuna wake. "Chiwindicho n'chinangwa changa chokhachokha."

"Kunenepa inanenepadi, achemwali," anayankha Feniasi, "koma popanda mateyala anga, alamuwa akanailasira pakhonde pano?"

Esinati anangotambasula phazi lotupalo pamene aliyense angalione, n'kuyamba kulisisita.

Zakeyu anaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunamuthera. Uyu amagona naye nyumba imodzi, uyu adzayenda pansi mpaka mvula, uyu anayamwa naye bere limodzi. Ndipo pabanja, ndikuuzeni ine, womanidwa chiwindi amaseka nawo lero, koma nkhaniyo adzaikumbutsa pamaliro ako.

Makala ayaka, chiwindi chili m'manja mwa Zakeyu, atatu onse akumuyang'ana. Inu mukanakhala pa chikukupo, mukanapatsa yani?