Mbale ya Maluwa Imene a Tissa Adakana

Mwezi wa Meyi ukayandikira, galaja ya a Tissa Abeykoon ku Dandenong, tauni ya kunja kumene tidasamukira, inkanunkha phala lomatira mapepala. M'menemo ndi momwe iwo ndi alamu awo, a Piyasiri, ankapangira nyali za Vesak, tsiku limene timakumbukira kuti Buddha adapeza kuwala. A Piyasiri ankang'amba nsungwi n'kumanga mafelemu, a Tissa n'kumamata mapepala. Adatero zaka makumi awiri ndi ziwiri, osaphonya.

Koma a Tissa, abale inu, anali ndi mtima wapachala. Chimene chinkawayatsa moto ndi ndale za kwathu ku Sri Lanka, dziko limene adachokako tsitsi lidakali lakuda bii. Chaka chimenecho chipani chawo chidagwa chagada pachisankho, ndiye ankangoyenda ndi foni m'manja, kutukwana anthu oti sadzaonana nawo n'komwe.

"Alamu, ikani pansi foniyo, phala likuuma," adatero a Piyasiri uku akuseka. "Anthu anuwo ndi angawa amadyera mbale imodzi. Ife kuno n'kumadana ulele."

"Inu mungandiuze chiyani? Si inu mumaombera m'manja mbava?"

"Aaa, ndiye mbava zanuzo zimaba mwaulemu kuposa zanga?"

Basitu, zidalakwika. A Tissa adaponda felemu yaikulu imene alamu awo adaivutikira masiku atatu, nsungwi n'kungomveka thyo! "Tulukani! Musadzapondenso pakhomo panga pano."

Akazi awo, mayi Swarna, adathamanga kuchokera kukhitchini. "Bambo a Nilu, amenewatu ndi achimwene anga. Kodi ndalezo mudzadya?" A Tissa adangotseka galaja.

Tsiku la Vesak kudacha kozizira. Tonse tidapita kukachisi titavala zoyera, ndipo a Tissa adagwada pamaso pa amonke, atsogoleri a chipembedzo chathu, n'kulonjeza pamodzi ndi anzawo kudziletsa tsiku lonse. Nthawi yopereka maluwa itakwana tidaima pamzere, mbale zikuyenda dzanja ndi dzanja kupita kuguwa, kuti aliyense akhudzeko. A Piyasiri adadzipanikiza dala pafupi ndi alamu awo. Mbale itawafika, adaipereka ndi manja awiri n'kunong'ona kuti, "Landirani, alamu. Zija zidatha."

Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. A Tissa adabisa manja kumbuyo, maso ali kudenga. Mzere wonse udaima. Mbale idangokhala m'manja mwa a Piyasiri, anthu akuyang'ana, mpaka mayi wina adatambasula dzanja n'kuidumphitsa. A Piyasiri adangoti, "Chabwino," n'kupita kukavala nsapato zawo pakhomo.

Kunena zoona, mtima udawatsutsa a Tissa asanafike n'komwe pagalimoto. Koma kuuma khosi ndi matenda oipa. "Ndiwaimbira mawa," ankatero. Mawa likafika, ankati ayambe ndi a Piyasiriwo, poti ndiwo adaputa. Mayi Swarna ankapita okha kwa achimwene awo, ndipo pobwerako ankanena kuti alamu anu akupereka moni. A Tissa ankangoti, "Mhm."

Mu Julayi zidamveka kuti zipani ziwiri zija zagwirizana. Atsogoleri adaoneka pa TV akukumbatirana, mano onse pamtunda. Mayi Swarna adangowayang'ana amuna awo. Manyazi adawagwira bambo aja. Adakagula mtolo wa nsungwi, ati Loweruka apite nawo kwa alamu awo, poti pakamwa pawo mawu oti pepani ankalemera. Lachinayi a Piyasiri adagwa akuthirira tsabola kuseri kwa nyumba, ndipo sadadzukenso. Adokotala adati ndi mtima.

Pamaliro, monga mwa mwambo wathu, abale amagwira jagi limodzi n'kumathira madzi m'kapu mpaka asefukire, kutumizira malemu zabwino zimene abalewo achita. A Tissa adaima kumbuyo, manja ali m'thumba. Akazi awo adawakoka dzanja n'kuliika pajagipo.

"Gwirani," adatero. "Maluwa mudakana. Madzi awa musakane."

Amonke adayamba kupemphera. Kapu idadzaza, madzi n'kumatsikira m'mbali. Pamenepo bambo wamkulu uja adalira mokweza, osasamala za anthu. "Alamu, bweretsani mbale ija, ndilandira!" (Ine ndidaweramitsa mutu, sindidathe kuyang'ana.)

Meyi wotsatira, kukachisi kudalibe nyali zochokera kwa a Abeykoon. Kumanga felemu a Tissa sankadziwa, ankangodziwa kumata. Mtolo wa nsungwi uja ukadali pakona ya galaja, chingwe chake sichidamasulidwe. Za ndale adasiya, foni imangokhala patebulo, koma asiyira ndani tsopano? Akuluakulu sadaname: madzi akatayika saoleka.