Nsompho ya Nangozo

"Kodi munthu akamulanda zonse, m'mawa mwake amadzuka kukachita chiyani?"

Anandifunsa choncho mnzanga wina tili pamzere kuchigayo, sabata imene angongole anamunyamulira katundu wa m'nyumba. Ndinangomusenzetsa thumba lake. Koma madzulo ake, tikutong'ola chimanga pafupi ndi moto, ana anga atapempha nthano, imene inabwera pakamwa panga ndi iyi.

Kalekale, m'mudzi wina wa njira zinayi, munali munthu wosema mitondo, dzina lake Chikadza. Mitondo yake inali yotchuka. Mkazi akamasinjamo, mawu ake ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo: gu! gu! gu! Chuma chake chonse chinali nsompho imodzi yosemera imene anamusiyira bambo ake. Mpini wake unali wakuda bii ndi thukuta la anthu awiri.

Chaka china amayi ake anadwala, anadwala, kenaka anatsikira kuli chete. Pamaliro pankafunika mbuzi, koma Chikadza analibe. Anapita kwa Chipojola, mwini khola lalikulu, yemwe ankakongoza mwakatapila.

"Tenga, bwanawe, tenga!" anatero Chipojola akuseka. "Imodzi lero, ziwiri pokolola. Ine ndi iwe tingayambanirane mbuzi?"

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Ziwiri zija zinasanduka zinayi. Chikadza anakongola nsalu kwa wamalonda wa kumsika kuti akatseke pakamwa pa Chipojola. Anakongola makasu kwa wosula zitsulo kuti akatseke pakamwa pa wansalu. Ankakumba dzenje kuti apeze dothi lokwirira dzenje linzake.

Kunjira ya kuchitsime kunkakhala mayi wina wamasiye, Nangozo. Iyeyu anamupatsa lichero la nzama zambewu. "Kadzaleni, mudzabweza mukakolola," anatero. Koma njala itafika pakhosi, Chikadza ndi mkazi wake Nankhoma anaphika nzama zija n'kudya.

Tsono mtondo, ana inu, sufuna phuma. Ukausema umaugoneka pamthunzi, n'kuufunditsa udzu, kuti uume pang'onopang'ono. Chikadza ankadziwa bwino zimenezi. Koma anali atalandiriratu malipiro a mitondo isanu ndi umodzi, ndipo eni ake ankabwera m'mawa ndi masana. Anaitulutsa yonse n'kuiyanika padzuwa la chilimwe.

"Abambo, padzuwa limeneli?" anafunsa Nankhoma. "Bambo anu akanatero?"

"Bambo anga analibe Chipojola pamsana!"

Tsiku loyamba, zii. Tsiku lachiwiri, zii. Tsiku lachitatu, thee! Wina thee! Winanso thee! Mitondo yonse inang'aluka. Amayi eni mitondoyo anabwera atamanga nsalu m'chiuno.

"A Chikadza, ife tinagula mtondo, osati sefa! Bwezani zathu!"

Kuyambira pamenepo njira zinayamba kumuthera. Ya kumtunda inkadutsa pakhola la Chipojola. Yatsekeka! Ya kumsika, wansalu. Yatsekeka! Ya kudambo, wosula ndi amayi a mitondo aja. Yatsekeka! Inatsala ya kuchitsime. Kumeneko kunalibe womukalipira, pakuti Nangozo sanabwerepo n'kamodzi komwe kudzalonjerera nzama zake. Koma imeneyo ndiyo Chikadza ankaiopa kuposa zonse. Wokukalipira umamuyankha. Nanga wongokupatsa moni umutani?

Choncho ankadzera m'tchire, m'minga, akuimba chapansipansi:

Kumtunda kuli mbuzi,
Kumsika kuli nsalu,
Kudambo kuli makasu,
Ndidzere kuti ine, mayo!

Chaka chinatha, china chinatha, mpaka zisanu. Chikadza sankathanso kukhala pansi. Galu akauwa, wadzambatuka. Mwana akati "Odi!" iye ali kale kuseri kwa nkhokwe. Ankadya choimirira, maso ali kunjira. Akabwerako kutchire, Nankhoma ankamukhazika pakhonde, n'kuika phazi lake pamwendo, n'kumazula minga umodziumodzi. Sankamufunsa kumene wachokera.

Tsiku lina m'tchiremo anangoti gululu ndi Nangozo akutola nkhuni. Pothawira panalibe. Nangozo anatembenuka, nawerama, n'kuyamba kumanga mtolo wake. Anamanga, namasula. Anamanganso, namasulanso, mpaka Chikadza anadutsa. Mtolo umenewo unali womangidwa kale bwinobwino.

Kenaka kunabwera atsibweni ake a Chikadza. Anamupeza atanyonyomala kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu.

"Mphwanga, ukuikira mazira kumeneko? Tuluka. Wathamanga mokwanira. Tiyale mphasa."

M'mudzimo munali mwambo. Munthu ngongole zikamukwana, ankayala mphasa pabwalo la nyumba yake n'kuikapo chilichonse chimene ali nacho. Angongole ankabwera, aliyense n'kutolapo chimodzi, kuyambira wa ngongole yochepetsetsa, kuti akuluakulu asasese zonse. Zikatha, ankakung'untha mphasa ija katatu, ndipo ngongole zonse zinkafera pomwepo. Koma ukabisa ngakhale singano, mphasa sinkakung'unthidwa, ndipo unkafa nazo ngongole zako.

Chipojola atamva, anabwera yekha, akutokosa m'mano ndi kaudzu.

"Ndamva, bwanawe, ndamva. Mbuzi zanga khumi ndi ziwiri pamphasa sindizipeza, ndikudziwa. Koma kansompho kaja kandikwana. Kazikakhala kwanga. Iwe uzibwera m'mawa kudzasema, mitondo ikhale yanga, ine ndizikupatsa gaga. Sufa ndi njala, ndine munthu wachifundo."

Atachoka, Chikadza anatenga nsompho ija n'kuisomeka kudenga. Anatuluka, analowanso, anaisolola. Anakaiponya m'nkhokwe. Anazungulira nyumba kawiri, nakaitenganso. Anakaikwirira padzala, m'phulusa. Sanafike n'komwe pakhonde, wabwerera, akufukula ndi manja ngati nkhuku.

"Mwaibisa katatu lero," anatero Nankhoma akupeta.

"Mayi, ndi ya bambo anga! Ikapita kwa Chipojola, ine ndapita nayo mpaka kumanda."

"Mukaibisa, mphasa sakung'untha. Nanga minga ija ndizizula mpaka liti? Mapazi anu atha, abambo. Pobaya palibenso."

Chikadza anayang'ana mapazi ake.

Tsiku linafika. Anthu anadzaza pabwalo, ena angongole, ena ongofuna kudzaona. Pamphasa anaikapo miphika iwiri, khasu, mpando, bulangete, thadzi lomangidwa miyendo, ndi chitseko chimene anachizula m'mawa womwewo. Pomaliza Chikadza anabwera ndi nsompho. Anawerama kuti aiike, dzanja linakana. Anaweramanso, linakananso. Kachitatu anatsinzina, naisiya.

"Wochepetsetsa ndani?" anafunsa atsibweni.

Anthu anayang'anana. Kumbuyo kwenikweni kunamveka mawu aang'ono.

"Ndine. Lichero la nzama."

Nangozo anayenda chowerama mpaka pamphasa, nagwada. Aliyense ankati atenga kamphika. Anadutsa kamphika. Anadutsa thadzi. Ananyamula nsompho ndi manja awiri.

Bwalo lonse linafa ndi phwete.

"Anangozo, musemera chiyani imeneyo, mbatata?"

"Kapena mwapeza mwamuna, mukutibisira!"

Koma Chipojola sanaseke. Anadzuka, kaudzu kaja kanagwa pakamwa.

"Iyayi! Lichero la nzama lingadye nsompho? Zinayamba zachitika kuti?"

"Mwambo umati chimodzi," anatero atsibweni. "Sunena kuti chiti. Khalani pansi, nthawi yanu ifika."

"Mayi, ndikupatsani mbuzi. Bweretsani kuno."

"Zikomo, bambo. Ndilibe khola."

"Ziwiri! Khola ndikumangirani!"

"Pepani. Zingandidyere nzama."

Anaikulunga nsompho ija m'nsalu, n'kumapita osacheuka. Chikadza anamuperekeza ndi maso. Mumtima anati, "Kani chete uja anali kundisungira zimenezi!"

Ena anatola zawo. Amayi a mitondo anagawana miphika ndi bulangete. Wosula anatenga thadzi, koma mazira amene linaikira m'chisa sanawafunse. Wansalu anagwira chitseko, nayang'ana mitambo, nati, "N'changa ichi. Koma n'cholemera, ndidzatenga mvula ikatha." Chipojola, pokhala womaliza, anapita ndi zotsala, mpando ndi khasu, akutukwana njira yonse.

Atsibweni ananyamula mphasa. Phu! Phu! Phu!

"Ngongole zafa! Wozidzutsa ndi mfiti!"

M'mawa mwake Chikadza anadzuka mwachizolowezi. Anatambasula dzanja pamene pankakhala nsompho. Panalibe. Anatuluka. Njira zinayi zonse zinali zotseguka, koma analibe kopita. Anakhala pakhonde, anadzuka. Anazungulira nyumba, anakhalanso. Manja ake ankangofunafuna chogwira, mpaka anayamba kusenda kamtengo ndi chikhadabo.

Tsiku lachiwiri Chipojola anamuimika panjira. "Ndagula nsompho yanga yatsopano, bwanawe. Gaga uja akadalipo. Ukatopa n'kuwerenga ntchentche, ubwere."

Tsiku lachitatu mazira aja anatha. M'nyumba munalibe chotafuna.

"Mayi, ndikupita kwa Chipojola," anatero Chikadza.

Nankhoma sanamuletse. Anangotembenukira kukhoma.

Chikadza atangoponda pabwalo, anamva, "Odi kuno!" Miyendo yake, pozolowera, inafuna kuthawira kunkhokwe. Anali Nangozo, atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Anakhala pansi, napereka moni wonse bwinobwino, kufunsa za Nankhoma, za chifuwa cha atsibweni, za mvula. Kenaka anamasula nsalu ija.

"A Chikadza, ndabwera ndi vuto. Kwanga kukudontha. Chitsulo changachi chichita dzimbiri. Mungandisungireko?"

Chikadza anasuzumira, naona kuti ndi nsompho ija.

"Komanso ndamva kuti chitsulo chikangokhala chimadwala. Ndiye muzichiyendetsako. Mwini wake ndine, musaiwale. Wina akadzachifuna, mudzamuuze abwere kwa ine."

Anaimirira, nakung'untha nsalu yake, n'kumapita. Chikadza anatsegula pakamwa kuti athokoze, koma Nangozo anali atayamba kale kukalipira nkhuku za eni zimene zinkapalasa m'mbali mwa njira.

Tsiku lomwelo Chikadza analowa m'nkhalango, kudzera njira ya kumtunda, pakhola penipeni pa Chipojola. Go! Go! Go! Anayamba ndi mipini, mithiko ndi zipande, zogulitsa msanga. Kenaka anagwetsa mvunguti nasema mtondo umodzi. Anaugoneka pamthunzi, naufunditsa udzu.

Anthu ankabwera. "Tigulitseni umenewo!"

"Sunaume."

"Tikupatsiranitu malipiro."

"Ayi, zolandiriratu ndinasiya. Komanso uli ndi mwini wake."

Mwezi unatha. Miyendo inkamuyabwa, ankapita kukausuzumira kawiri patsiku, koma sanautulutse padzuwa. Pa mipini ija anagula nzama zodzaza manja awiri, nadzala kuseri kwa nyumba. Nangozo akakumana naye kunjira ya kuchitsime ankangofunsa, "Nsompho yanga ili bwanji?"

"Ili bwino, mayi. Ikudya."

Mvula inatha. Wansalu sanabwere kudzatenga chitseko chake. Nzama zinakhwima, Nankhoma anafukula, nayanika, napeta.

M'mawa wina, Nangozo atapita kukatunga madzi, Chikadza anasenza mtondo uja. Anauimika pakhomo pa mayiyo, natsamiritsa munsi wa muwanga pakhoma. M'kati mwa mtondo anakhuthuliramo lichero la nzama, lodzaza mpaka kusefukira. Ngongole imeneyo inali itafa kale pamphasa. Panalibe akanamufunsa. Anabwerera osauza munthu.

Nangozo atafika, anatula mtsuko. Anayang'ana mtondo, nausisita m'mbali monse. Panalibe mng'alu ngakhale umodzi. Anaola nzama zija n'kuziika m'chiguduli chake cha mbewu. Sanatume mawu, sanapite kukathokoza. Anangotapa chimanga, nathira mumtondo, nawaza madzi, n'kukweza munsi.

Gu! Gu! Gu!

Mawuwo anadutsa chitsime, anadutsa dambo. Anamupeza Chikadza ali pakati pa njira, akuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anaima, namvetsera. Kenaka anakhala pansi pamwala, mpaka mayiyo anamaliza kukonola.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula, yathera pamenepa. Mnzako akagwa, tola zonse ngati uyenera kutola, koma umusungire chodzukira.